Chaka chathunthu foni ili kiyi wa galimoto yanga

Tsiku limene ndinkatenga galimotoyi, Tesla Model 3 ya 2021 yoti wina anayendapo kale, wogulitsa anandipatsa timakhadi tiwiri takuda tonga ta kubanki. Ndinaima kaye, kudikira kuti makiyi enieni atuluka m'thumba linalo. Sanatuluke. Anangoti ndiike app ya Tesla m'foni, ndiyatse Bluetooth, makiyi ndi omwewo. Ine woti ndinaphunzirira kuyendetsa pa Corolla ya amalume ku Zomba, ija kiyi wake tinkamangirira ku chingwe cha nsapato, ndinaona ngati zachibwana.

Pano chatha chaka ndikuyendetsa taxi kuno ku Manchester ndi galimoto yomweyi, ndipo ndinene zoona, kubwerera ku kiyi wachitsulo sindingafune. Ndikafika pafupi foni ili m'thumba la jekete, ndimangokoka chogwirira, chitseko n'kutseguka. Ndikhala pansi, ndiponda buleki, ndanyamuka. Ndikatsika n'kuyenda pang'ono imadzikiya yokha, magalasi a m'mbali n'kudzipinda. Pa ntchito ngati yathuyi, yotsika n'kukwera tsiku lonse, masutikesi a anthu ali m'manja uku mvula ya kuno ikuwaza osaleka, zimenezi si zazing'ono. Netiweki sifunikanso, foni ndi galimoto zimamvana zokha pa Bluetooth, ngakhale m'malo oimika galimoto a pansi pa nyumba momwe mafoni sagwira. Intaneti imafunika pokhapokha ukafuna kuitsegula uli kutali.

Chimene chinasangalatsa mayi a kunyumba n'china. Ndinawaika pa app ngati dalaivala wachiwiri, ndiye galimoto imadziwa foni yawo. Iwo ndi aafupi, ine ndine wamtali. Akangokwera, mpando umadzisunthira kutsogolo, magalasi ndi chiwongolero n'kukhala mmene amafunira. Mkangano wa “mwasunthanso mpando wanga” unathera pomwepo.

Koma ndinatsala pang'ono kulira nayo, ndipo mlandu unali wanga. Ife a taxi foni simakhala m'thumba, imakhala pa kachogwirira kake pafupi ndi chiwongolero, poti ntchito imalowera pomwepo. Usiku wina cha m'ma 2 koloko, nditasiya munthu ku bwalo la ndege, ndinaima pa malo ena ogulitsira mafuta kuti ndigule khofi ndi kupita kuseri. Ndinatenga chikwama chokha. Nditabwerako patapita mphindi ngati 15, ndinaona magalasi ali chitambasukire. Ndinakoka chitseko, chinatseguka bwinobwino. Foni ili pomwe ndinaisiya, ikuwala. Thupi lonse linachita tsembwe. Galimotoyi siidzikiya ikamva kuti foni ili mkati, ndipo zimenezi zinalembedwa ndithu m'buku lake, kungoti ndani amawerenga. Aliyense wodutsa akanakhala pampando, kuponda buleki, ulendo wa ku Leeds. Kunali kusiya kiyi pa loko, kungoti kiyi wake sakuoneka ngati kiyi, ndiye mutu sukuchenjeza.

Kutacha ndinayatsa chimene amati PIN to Drive. Tsopano galimoto siyenda mpaka utalemba manambala anayi achinsinsi pa sikirini. Zimatopetsa masiku oyamba, makamaka wokwera ali kumbuyo akuyang'ana wotchi, koma chala chimazolowera. Palinso chifukwa china chomwe sindingaizimitsire. Mu 2022 akatswiri a NCC Group, kampani yoona za chitetezo cha makompyuta yomwe likulu lake lili konkuno ku Manchester, anaonetsa kuti ndi tizipangizo tiwiri munthu angathe kutenga chizindikiro cha Bluetooth cha foni yomwe ili patali n'kuchifikitsa pa galimoto, iyo n'kuyesa kuti mwini wake wafika. Wakuba wotero chitseko angatsegule, koma manambala aja alibe.

Nkhani ya batire ndiye aliyense amafunsa. Foni ikazima, kiyi wazimanso, palibe kunyengerera. Eni ake a iPhone omwe ali ndi magalimoto ngati BMW, amene kiyi wake amakhala mu Apple Wallet (app yosungiramo makhadi m'foni) kuyambira 2020, ali ndi mwayi woti kiyi amagwirabe mpaka maola asanu foni itazima. Kwa ife a Tesla mpulumutsi ndi kakhadi kaja. Umakagunditsa pa chipilala cha pakati pa zitseko ziwiri, mbali ya dalaivala, pansi pa kamera pang'ono, ndipo loko amatseguka. Ukachedwa kuponda buleki kupitirira mphindi ziwiri, umakaika kuseri kwa moikamo makapu kuti galimoto ikadziwenso. Yeserani kamodzi masana muli pakhomo, chifukwa kufufuza malo ake mumdima, zala zitauma ndi chisanu cha Januwale, ndi ntchito.

Ine mwa nzeru zanga ndinkasunga kakhadiko kuseri kwa foni, m'kachikopa kake. Mayi a kunyumba ataona anangofunsa kuti, “Abambo, nanga foniyo ikatayika, kakhadiko katsala kuti?” Ndinasowa choyankha. Lero kamakhala m'chikwama pamodzi ndi laisensi, kakhadi kena kaja kali m'dirowa kunyumba.

Wogwiritsa ntchito Android ngati ine ayang'anenso zoikamo za batire. Mafoni ambiri amagoneka ma app kuti moto usathe msanga, ndipo app ya galimoto ikagonekedwa umaima pachitseko ukukoka pachabe mpaka utatulutsa foni n'kuidzutsa. Ndinaichotsa pa gulu la ogonekedwawo, ndikailola kuti izidziwa pomwe ndili nthawi zonse. A Tesla amagulitsanso kiyi wa rimoti padera kwa ofuna chogwira m'manja. Mnzanga wina wa taxi anagula, akuti mtima wake sukhazikika popanda kanthu kolemera m'thumba. Ine sindinagule. Ndalamazo ndinagulira chingwe chachiwiri chotchajira foni, chimene sichituluka m'galimoto.