Khosi la maple wowotcha: ladutsa chilimwe, ladutsa dzinja

Khosi la maple wowotcha (mtengo wa kunja wophikidwa mu uvuni) limene ndinaika pa gitala yanga yamagetsi laona tsopano dzuwa la Okutobala, mvula ya Januwale ndi chisanu cha Juni. Ndinachita kudikira dala ndisanalembe, chifukwa khosi lililonse limasangalatsa likangofika. Mtengo umaonetsa khalidwe lake nyengo ikasintha.

Gitalayi ndi yopangidwa motengera Stratocaster, gitala ya kampani ya Fender: khosi lomanga ndi masikuluwu anayi, mawaya otalika mainchesi 25.5 kuchokera pa nati (potsamira mawaya kumutu) kufika pa buliji (potsamira mawaya pa thupi la gitala). Khosi lakale linali la maple wamba ndipo linapotoka. Likangopindika, truss rod, chitsulo chija chili m'kati mwa khosi, imaliwongola. Koma likapotoka palibe chimene chitsulocho chingachite. Mbali ya mawaya aakulu zinali bwino, mbali ya aang'ono kumangolira zizizi pa mafreti, tizitsulo topingasa pa khosi.

Mitengo imene ndinaiganizira inali itatu. Maple wokhala ndi thabwa la rosewood pamwamba, monga Fender anayambira mu 1959, ndinausiya msanga. Sichinali chifukwa cha malamulo a CITES, pangano la maiko loteteza mitengo ndi nyama pa malonda, poti amene anakhwimitsidwa pa rosewood mu 2017 anafewetsedwa mu 2019 pa zida zoimbira zomalizidwa kale, kupatula rosewood wa ku Brazil. Ndinkangoopa kubwerera ku maple wosawotcha. Wenge wa ku Congo ndi Cameroon, m'bale wake wa panga panga wa ku Mozambique, unandikoka mtima kwambiri. Ndi wolimba, safuna vanishi, ndipo a kampani ya Warwick akhala akuugwiritsa ntchito pa mabesi awo. Koma ndi wolemera, ndipo thupi la gitala yanga ndi lopepuka, moti mutu ukanamangogwera pansi ndikaimirira.

Kalipentala wina mnzanga anandifunsa kuti, "Bwanji osasema la mbawa kapena la mlombwa, achimwene?" Funso lake linali lanzeru, pakuti mbawa ndi mtengo womwewo wa Khaya umene opanga magitala kunja amaugula ngati mahogany wa ku Africa. Vuto ndi kuuma. Thabwa logula pamsika likhoza kukwana pa chitseko, koma khosi la gitala likasuntha theka la milimita, zala zimadziwa.

Wachitatu, umene ndinasankha, ndi maple wowotcha. Amauphika mu uvuni wopanda mpweya wa okosijeni, pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 200. Madzi amachoka, shuga wa mu mtengo amapsa, ndipo mtengowo sumwanso chinyezi ngati kale. Umaderako mpaka m'kati, si utoto ayi. Pamene mmisiri ankaboola timabowo ta makiyi ochunira, utuchi unkatuluka wofiirira, ukununkhira shuga wopserera.

Pa nkhani yosasuntha, ndalama yanga sinapite pachabe. Ndimayeza chonchi: kapo (chopanira mawaya) pa freti yoyamba, chala pa freti yomaliza, n'kuona mpata pakati pa waya ndi freti ya 8. Fender amalangiza mpata wa pafupifupi mamilimita 0.25, ndipo ndi pamene tinaika. Mvula itayamba ndinangokhudza truss rod pang'ono, basi. Gitalayi yayenda m'galimoto yotentha kuchoka ku Blantyre kukaimba ukwati ku Mangochi, chinyezi cha kunyanja chija, koma mawaya sanakwere kapena kutsika. Chimene chinandikondweretsa koposa ndi cha m'chilimwe. Pa khosi lakale mtengo unkafota kukauma, nsonga za mafreti n'kutulukira m'mbali kumakanda chikhatho. Chaka chino ndinayendetsa chala m'mbali monse, palibe chobaya.

M'manja nalonso ndi lokoma. Silinapakidwe vanishi, mafuta okha, choncho thukuta likachuluka m'tenti ya ukwati dzanja silimata. Mtengo wosapaka umagwira litsiro, ndipo kumbuyo kwa mafreti oyambirira kwada kale. Ndimapukuta ndi kansalu ndikamaliza kuimba, ndipo nthawi zina ndimadutsitsapo sandipepala yosalala kwambiri.

Choipa chake chenicheni ndi kuphweka kusweka. Kuwotcha kuja kumachotsa kufewa kwa mtengo. Sikuluwu ukailowetsa popanda kuyamba waboola bowo loyenera, mtengo umang'aluka, makamaka pamutu pomwe pali timasikuluwu ting'onoting'ono. Mutu wa gitala yanga unagunda sipika pa siteji ndipo kakona kanabenthuka, pamene maple wamba ukanangofinyika. Mtengo wake wogulira ndi wokweranso kuposa wa khosi wamba, osawerengera zotumizira ndi msonkho.

Nanga kamvekedwe? Anthu amakangana kwambiri pa intaneti kuti maple ndi wowala, rosewood ndi wofunda. Ndikaimba osalumikiza ku ampu ndimamva ngati yayamba kulira momasuka pang'ono. Ndikalumikiza, mapikapu (zotola mawu a mawaya) ndi mawaya atsopano zimaphimba zonsezo, ndipo anzanga a m'bandi anaona mtundu wa khosi, osati kusintha kwa mawu. Chimene chinasintha kaimbidwe ndi ntchito ya mmisiri yolinganiza mafreti ndi kusema nati, ndipo ndalama ya ntchito imeneyo muiwerengeretu.

Musanaitanitse, yezani malo olowa khosi pa thupi la gitala yanu. Muyezo wa Fender ndi pafupifupi mamilimita 55.6 m'lifupi, koma magitala ambiri otengera Stratocaster amasiyana nawo pang'ono. Langa linalowa mothina, mmisiri anachita kupala utoto wa m'mbali mwa bowo kuti likhazikike.