Jekete ya hanten ndi mphika wa donabe, chisanu chitatha

Hanten yanga ndinaigula mu Okutobala kwa munthu wogulitsa zovala zakale za ku Japan pa intaneti, kaunjika wa kumeneko tinene. Pano Malichi watha ndipo yandiperekeza chisanu chonse cha kuno ku Leeds, ku England.

Ndi jekete yaifupi ya nsalu yathonje, m'kati mwake anaikamo thonje lokhuthala, kolala ndi yakuda, ndipo kutsogolo imamangidwa ndi tizingwe, ilibe mabatani. Anthu wamba a ku Japan anayamba kuivala kwambiri m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya Edo. Yangayi ndi yabuluu wa indigo, yolukidwa mwa njira ya kasuri imene mzinda wa Kurume, m'chigawo cha Fukuoka, umatchuka nayo: ulusi amaumanga ndi kuunyika mu utoto asanaluke, n'chifukwa chake timaluwa take timaoneka tosamveka bwino m'mphepete.

Pa nkhani yofunda, sindinganame, ndalama yanga sinapite pachabe. Madzulo ndimachedwa kuyatsa hita chifukwa msana ndi mapewa zimakhala zotentha kale. Koma ndi chovala cha m'nyumba. Kunja mphepo imalowera m'mikono yotambalalayo, ndipo mvula ya kuno ikainyowetsa thonje limalemera, kuuma kwake mpaka mkuja. Utoto unkatsalirako pa malaya oyera masabata oyamba. M'zigongono nsalu inayamba kupyapyala cha mu Januwale, ndinaikapo chigamba ndi ulusi woyera wokhuthala motengera kasokedwe ka ku Japan kotchedwa sashiko. Mizere yanga ndi yokhota, koma ikugwira.

Vuto lenileni lili kukhitchini. Mikono ija imalendewera pamwamba penipeni pa moto wa gasi, ndipo thonje silichedwa kuyaka. A ku Japan ali ndi chingwe cha tasuki chomangira mikono kumsana. Pa jekete yokhuthala chonchi chimangokufinya m'khwapa. Ndiye pali fungo. Ukawotcha nsomba ya makerele yothira mchere utavala hanten, mafuta ake amalowerera mpaka m'thonje la m'kati, ndipo sungangoiponya m'makina ochapira chifukwa thonjelo limaundana mbulumbulu. Amati uziyanika padzuwa. Dzuwa lake liti mu Disembala kuno ku Yorkshire? Lero nsomba ikangotuluka mufiriji, jekete imapita kuchipinda, chitseko n'kutseka.

Chimene chimagwirizana nayo ndi donabe, mphika wadothi wa chivindikiro umene ndinagula mu Okutobala momwemo, wa mtundu wa Banko wochokera ku Yokkaichi m'chigawo cha Mie. Usanaphikemo chilichonse umayamba waphikamo phala la mpunga kuti litseke timabowo ta dothi, monga agogo ankachitira ndi mphika watsopano. Pansi pake patuluka timing'alu tating'onoting'ono, koma sukudontha. Malamulo ake ndi awiri basi: usauike pamoto pansi pali ponyowa, ndipo usauthire madzi ozizira ukadali wotentha. Wangawu sugwira pa chitofu chamagetsi cha mtundu wa induction, choncho funsani musanagule.

Kuphika kwake n'kosavuta. Ndimanyika kombu, udzu wam'nyanja wouma umene wambiri umachokera ku Hokkaido, kwa mphindi 30, n'kuuchotsa madzi asanawire. Kenaka chainizi, bowa ndi tofu (chakudya chopangidwa kuchokera ku soya). Nsomba ya cod ndi nkhono za m'nyanja zotchedwa mussels zimalowa pomaliza, mphindi 5 zakwana. Mukapitirira cod imasanduka nyenyeswa. Mussel yotseguka imene sikudzitseka ukaigogoda usanaphike, itayeni. Msuzi wotsala ndimathiramo mpunga wophika ndi dzira, chakudya chimene iwo amati zosui, ndipo kunena zoona ndi chimene ndimadikirira kuposa nsombayo.

Popeza pamenepa palibe mafuta othetheka, nthunzi yokha, hanten ndimaivalanso mphika ukafika patebulo. Dothi limasunga kutentha, moti msuzi umapitiriza kubwadamuka moto utazima. Choipa chake n'chakuti limasunganso fungo: nditaphikamo makerele wa miso (chokometsera cha soya wosasitsa), mpunga wotsatira unamveka nsomba mpaka nditawiritsamo masamba a tiyi wobiriwira. Makerele tsopano ali ndi poto wake wachitsulo.