Chilonda cha amalume: radiofrequency, shuga kapena lumo la nesi

Azimayi a kutchalitchi kwathu ku Mufakose, mu Harare, andifunsa kangapo kuti chilonda cha amalume chinapola bwanji, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Ndiyambe ndi chimene chimandiwawabe. Pagulu lina la WhatsApp munthu ankatsatsa kamakina kogwira m'manja, akuti ka radiofrequency (mafunde a magetsi), kopha tizilombo m'chilonda. Ndinakwera kombi mpaka m'tauni, n'kupereka madola amene ndinasungira lendi. Kufika kunyumba, kutsegula bokosi, kapepala ka mkati kali ndi chithunzi cha mayi akudzisisita tsaya. Kanali kokungira khungu la kumaso, ka m'masaluni! Pachilonda chotuluka mafinya sikayenera kuyandikira n'komwe. Wogulitsayo foni anathimitsa tsiku lomwelo.

Radiofrequency yeniyeni ilipo, ndinachita kufunsa. Imatchedwa Coblation, ya kampani ya ArthroCare imene Smith & Nephew inagula mu 2014. Dokotala amathira madzi amchere pachilonda, magetsi n'kuwasandutsa plasma (mpweya wodzaza mphamvu ya magetsi) kunsonga kwa kandodo ka makinawo, plasmayo n'kumasungunula mnofu wakufa pamodzi ndi mabakiteriya okakamira pamenepo, pa kutentha kwa madigiri 40 mpaka 70. Koma ndi ntchito ya dokotala wa opaleshoni, ndipo kandodoko kakagwira wodwala mmodzi kamatayidwa. Mtengo wake umagwera inu. Komanso matenda akalowa m'fupa kapena m'magazi, mankhwala akumwa kapena jekeseni simungawathawe.

Njira ina ndi mphutsi za ntchentche zoweta mwaukhondo: zimadya mnofu wakufa n'kusiya wamoyo, ku America anazivomereza mu 2004. Azakhali atangomva anati, "Pakhomo panga ayi."

Shuga wothira pachilonda ndimamukondera, sindibisa. Moses Murandu, nesi wa kuno ku Zimbabwe wophunzitsa ku University of Wolverhampton, anamuyesa pa odwala ku England, nzeru imene anaionera kwa bambo ake. Shuga amakoka madzi, mabakiteriya n'kulephera kuswana. Ifenso titamuthira pachilonda, fungo la m'chipinda cha amalume linachepa.

Koma shugayo anabwera pambuyo pa lumo. Nesi wa kukiliniki anapala mnofu wakuda mpaka magazi ofiira ataoneka, amalume atandifinya dzanja, kenako anatiwerengera masiku osinthira bandeji n'kutikalipira kuti shuga wa m'magazi mwawo tiziyeza m'mawa uliwonse. Lero wina atandipatsanso madola aja, ndingagule bandeji, magolovesi ndi timapepala toyezera shuga.

Kamakina kaja mdzukulu wanga akusisitira nako masaya.