Kebulo ya sipidomita: njira ya kufakitale, angle drive, kebulo yayitali kapena zamagetsi?

Tikamabwezeretsa galimoto yakale, kebulo ya sipidomita timaikumbukira kumapeto, injini italowa kale, ekizozi itamangidwa. Ndiye timangoikankhira pomwe paoneka mpata. Pakapita masabata ochepa singano imayamba kunjenjemera, kenaka kupita uku ndi uku, tsiku lina n'kugona pa ziro osadzukanso. Ambiri amafulumira kunena kuti geji yafa, pomwe nthawi zambiri gejiyo ilibe mlandu. Vuto limakhala njira imene kebulo yadutsa.

M'kati mwa chikuto chakunja cha kebulo muli waya wopotedwa, wa ngodya zinayi kumapeto onse awiri. Kumunsi amazunguliridwa ndi kagiya ka m'giyabokosi, kumtunda iye amazungulitsa maginito kuseri kwa singano, nzeru imene Otto Schulze anailembetsa mu 1902. Pa magalimoto ambiri akale a ku America wayayu amazungulira ka 1,000 pa mailo imodzi, kotero mukamathamanga mamailo 60 pa ola akuzungulira ka 1,000 pa mphindi. Mukamupinda mwankhanza amakhulana ndi chikuto, amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo kunjenjemera kwa singano kumachokera pomwepo. Malangizo akale a Smiths, kampani imene inkapanga mageji a MG, Triumph ndi Jaguar, amati kebulo ipindike motakata ngati ikuzungulira chinthu cha masentimita 30 m'mimba mwake, ndipo isapindike konse pa masentimita 5 oyandikana ndi mapeto ake. Njira zonse zinayi ndimaziyeza ndi muyeso umenewu.

Ngati giyabokosi ndi bodi zidakali za galimoto yomweyo, musavutike kuganiza: tsatirani njira ya kufakitale. Bowo lilipo kale pa khoma lolekanitsa injini ndi okwera, malo a timakilipi akuoneka, ndipo amene anajambula galimotoyo anayeza kale kutalikirana ndi ekizozi. A Volkswagen Beetle nkhani yawo ndi yapafupi kwambiri, chifukwa kebulo yawo simapita ku giyabokosi n'komwe, imachokera pa gudumu lakutsogolo lakumanzere. Chokhacho chimene chimagwetsa anthu panjirayi ndi utali. Galimoto ya mtundu umodzi imafuna kebulo yosiyana kutengera kuti chiwongolero chili kumanja kapena kumanzere, komanso ngati ili ndi overdrive (giya yowonjezera yochepetsa mizungulo ya injini pa liwiro lalikulu) kapena ayi. Yezani yakale musanaitaye, ndipo labala wa pabowo uja mugule watsopano, chifukwa chitsulo chosavekedwa chimadya chikuto pang'onopang'ono.

Mkangano weniweni umayamba pamene potulukira kebulo payang'anizana ndi chesesi kapena khoma la ngalande ya pansi pa bodi mmene giyabokosi imakhala. Izi zimachitika pa magiyabokosi a overdrive, komanso pamene munthu waika giyabokosi ya magiya asanu, monga Type 9 ya Ford Sierra imene ambiri amaika mu MG ndi Morris Minor. Apa pali magulu awiri.

Gulu loyamba limati ikani angle drive, kachipangizo kokhala ndi timagiya tiwiri tokhotetsa mzungulirowo madigiri 90. Ubwino wake ndi woonekeratu. Kebulo imanyamuka itagona motsatira giyabokosi, imakhala yaifupi, ntchito imaoneka yaukhondo, ndipo pa magalimoto ena monga MGB ya overdrive ndi mmene inatulukira kufakitale. Koma mwawonjezera chinthu china chotha kufa, ndipo mwachiika pamalo oipitsitsa: pansi, pa fumbi ndi madzi, pomwe dzanja silifika bwino. Timagiya take n'tating'ono kwambiri. Geji ikangolimba pang'ono chifukwa cha girizi wouma wa zaka makumi asanu, choyamba kuthyoka ndi angle drive, ndipo mukaika ina osakonza gejiyo nayonso ithyoka. Ine ndinataya ziwiri motero ndisanazindikire kuti wolakwa anali kumtunda. Palinso kawasha kopyapyala kamene kamayenera kukhala pakati pa iyo ndi giyabokosi pa MGB. Kakasowa, nati imakanikiza timagiya tija ndipo moyo wake umafupika.

Gulu lachiwiri limati chotsani angle drive, gulani kebulo yayitaliko, ituluke molunjika, izungulire motakata, kenaka ikwere. Ine ndili mbali imeneyi, malo akalola. Palibe timagiya toti tidyeke, ndipo singano imakhala phee. Komabe ndisabise zovuta zake. Kebulo yayitali imafuna kumangidwa bwino, apo ayi imalendewera pansi pa galimoto n'kukodwa ndi mwala kapena chitsa. Kuzungulira kuja nthawi zambiri kumaifikitsa pafupi ndi ekizozi, ndipo kutentha kumasungunula pulasitiki wakunja n'kuumitsa girizi wam'kati. Ndiponso kutalika kopitirira muyeso n'koipa chimodzimodzi ndi kufupika, chifukwa zotsalazo munthu amazipinda kuseri kwa dashibodi, n'kupanga ngodya yomweyo imene amaithawa pansi. Njira yabwino ndi kuyamba kudutsitsa payipi yopyapyala ya labala m'njira imene mukufuna, kuiyeza, kenaka n'kugula kapena kudulitsa kebulo ya utali umenewo. Pomanga musakoke timakilipi mpaka kufinya chikuto, ndipo pafupi ndi giyabokosi siyani mpata, poti injini imagwedezeka pa mipando yake pomwe bodi ili chiimire.

Ngati mpata pakati pa potulukira ndi chitsulo sukulola kupinda kotakata kuja, musakakamize. Pamenepo angle drive yapambana, ndipo ndi bwino kufunafuna yakale yeniyeni n'kuitsuka.

Za zamagetsi sindikhalitsapo. Makampani monga Dakota Digital ndi Speedhut amapanga kabokosi kokhala ndi mota, kolandira liwiro kuchokera ku sensa kapena GPS n'kumazungulitsa kakebulo kakafupi kuseri kwa geji yanu yakale. Kwa amene waika giyabokosi yamakono yopanda potulukira kebulo, iyi ndi njira yolemekezeka, ndipo imathetsanso vuto la geji yonama chifukwa cha matayala kapena difu yosinthidwa. Koma GPS imataya chizindikiro mumsewu wapansi pa phiri, mawaya amachuluka, ndipo pa galimoto imene giyabokosi yake ili ndi kagiya kamoyo, ndimaona kuti n'kugula mankhwala a matenda amene kulibe. Geji yonama imakonzekanso posintha kagiya ka m'giyabokosi kapena kuitumiza kwa katswiri. Pa mageji a Smiths nambala ya mizungulo pa mailo imalembedwa pankhope pomwepo, ndipo ndi imene katswiriyo adzayambire.

Njira iliyonse imene mwasankha, musanamange solorani waya wam'kati, mumugoneke patebulo, mumugubuduze ndi zala. Akamadumpha ndiye kuti anapindika kale, ndipo sawongoka. Akakhala bwino mupakeni girizi pang'ono, osati oyilo, ndipo masentimita 20 akumtunda muwapukute, kuti girizi asakwere n'kukalowa mu geji. Mangani kaye kumtunda, muzungulitse ndi zala kumunsi mumve ngati pali pogwira, kenaka ndiye mulowetse ku giyabokosi.