Core i5-6500 yokhoma pa bodi ya Z170, ndi masikirini awiri: liwiro lakweradi, koma pali zimene wogulitsa sananene

Zipangizo izi ndayamba kuzigwiritsa ntchito m'nyengo yozizira ndipo zadutsa nane kutentha konse kwa Okutobala kuno ku Chipata, choncho ndikuona kuti tsopano ndingathe kunenapo za mmene zilili. Ndinagula purosesa ya Intel Core i5-6500, bodi (motherboard) ya Z170, RAM ya DDR4 ya 16GB ndi graphics card ya GTX 1050 Ti, zonse zogwiritsidwapo kale ntchito, za salaula tinene. Wogulitsa ali ku Lusaka ndipo anatumiza pa basi. Katunduyo anafika womangidwa bwino, timapini ta pa soketi tonse tili chilili, ndipo pa zimenezi ndimuyamikire, chifukwa mtunda wa Great East Road si wamasewera kwa katundu wosalimba ngati ameneyu. Ntchito yanga ndi kulumikiza mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, komanso kukonza mapositala ndi mapulogalamu a maliro. Madzulo ndimaseweranso magemu pang'ono.

Chimene chinandikoka ndi mawu amene anali pa malondawo, akuti purosesayi ngakhale ilibe chilembo K kumapeto kwa dzina lake imatha kuchitidwa overclock, ndiko kuti kuiyendetsa pa liwiro loposa limene inabadwa nalo. Anzanga ambiri atamva anati ndanamizidwa. Ayi, sananame. Zimatheka ndithu. Koma zimatheka mwa njira yake, ndipo njirayo ili ndi mtengo wake umene munthu ayenera kuudziwa ndalama isanachoke m'thumba.

Liwiro la purosesa limachokera pa manambala awiri: BCLK, liwiro loyambira limene mwa masiku onse limakhala pa 100 MHz, ndi multiplier, nambala imene imachulukitsa liwirolo. Pa i5-6500 multiplier ndi 32, ndiye 32 kuchulukitsa ndi 100 ikutipatsa 3.2 GHz, ndipo Turbo Boost imatha kuikankha kufika 3.6 GHz. Mapurosesa okhala ndi K, monga i5-6600K, amakulolani kukweza multiplier. Enawa Intel inawakhoma. Zili ngati njinga zathu zonyamula anthu za ku Kapata: giya ikakhala imodzi yosasinthika, chotsala ndi kupalasa mofulumira basi. Kupalasako ndiye kukweza BCLK. Pa mapurosesa a m'mbuyomo, monga Sandy Bridge ndi Haswell, BCLK inali yomangidwa pamodzi ndi PCIe, njira imene graphics card ndi zida zina zimalumikizirana ndi purosesa, moti ukangoikweza pang'ono kompyuta yonse imasokonezeka. Pa Skylake, m'badwo wa i5-6500 umene unatuluka mu 2015, ziwirizi zinalekanitsidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho opanga mabodi, makamaka ASRock ndi BIOS yawo ya SKY OC (BIOS ndi pulogalamu ya pa bodi yosinthiramo zimenezi), anatulutsa ma BIOS olola kukweza BCLK pa mapurosesa okhoma. Kumayambiriro kwa 2016 Intel inatseka khomo limeneli ndi microcode yatsopano, malangizo a purosesa amene amabwera m'ma BIOS atsopano. Ndiye bodi imene mukugula iyenera kukhala ndi BIOS yakale ija, apo ayi palibe chichitike. Yanga inabwera nayo kale.

Ine ndinaika BCLK pa 130, ndipo purosesa ikuyenda pa 4.16 GHz pa makoo (ma core) onse anayi, voteji ili pafupi ndi 1.3V. Ndinayesa kupitirira apo, imayaka ndithu, koma ikagwira ntchito yolemetsa masana kukutentha imatha kuuma, kungoima osayankha, ndiye ndinabwerera pa 130 pamene yakhazikika osavuta. Chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri pano ndi RAM. Mukakweza BCLK, RAM nayonso imakwera nayo limodzi. Ya liwiro la 2133 MHz pa BCLK ya 130 imapezeka ili pafupi ndi 2770, ndipo RAM wamba yotsika mtengo ikhoza kulephera kupirira zimenezo. Kompyuta imangozungulitsa mafani, sikirini ili bii. Muyenera kuyamba mwatsitsa RAM mu BIOS. Ine ndinasankha 1600, imene ikachulukitsidwa imabwera pa 2080, pafupi ndi pamene inapangidwira. Zikakanika kuyaka musachite mantha: zimitsani, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa kanthawi, kabwezereni, BIOS ibwerera pa chiyambi.

Kusiyana kwake kukumveka. Magemu amene kale ankadodoma anthu akachuluka pa sikirini tsopano akuyenda mosalala. Pulogalamu yokonzera zithunzi ikutseguka msanga, ndipo kukoka vidiyo pa timeline sikukuchedwanso ngati kale. Kwa purosesa ya zaka zimenezi, zinandisangalatsa kwambiri.

Tsopano zimene sindinauzidwe, ndipo apa ndipamene ndikufuna anzanga mumvetsere.

Choyamba chikukhudza masikirini awiri mwachindunji. Mukangoyatsa overclock yamtunduwu, graphics ya m'kati mwa purosesa, ija ya HD 530, imazimiratu. Madoko onse a sikirini amene ali kumbuyo kwa bodi amasanduka opanda ntchito. Ine ndinali nditakonza kuti sikirini yaikulu ilowe pa graphics card, yaing'ono ilowe pa bodi, monga ambiri timachitira. Sizinatheke. Masikirini onse awiri ayenera kulowa pa graphics card, ndipo ngati mulibe graphics card ndiye kuti simuona chilichonse. Wogulitsa ankadziwa kuti ndikufuna masikirini awiri, ndinamuuza pa foni, koma sanatchule kanthu. Zimenezi zinandipweteka, chifukwa ndi chinthu chongonena ndi mawu awiri.

Vutolo linabala linzake. Sikirini yanga yaikulu ndi ya mainchesi 24, ya 1920x1080, ndipo ili ndi HDMI. Yachiwiri ndi yakale ya mu ofesi, ya mainchesi 19, ya VGA yokha, ngati zimene zadzaza m'mashopu a makompyuta m'tauni muno. GTX 1050 Ti ili ndi HDMI, DisplayPort ndi DVI-D, ndipo makhadi a m'badwo umenewu anasiya kutulutsa siginecha ya analogi imene VGA imafuna. Kaadaputa kotchipa kaja ka DVI kupita ku VGA, kopanda chilichonse m'kati, sikagwira pano. M'shopu ina anandiumiriza kuti kagwira, ndinakana nditayang'ana doko la khadi langa, lomwe lilibe timabowo tinayi tija tozungulira kampata kopyapyala. Chofunika ndi converter yokhala ndi chip m'kati, ya DisplayPort kupita ku VGA kapena ya HDMI kupita ku VGA. Ya DisplayPort sindinaipeze kuno, anachita kunditumizira. Itafika, zonse zinayenda: batani la Windows ndi P, kusankha Extend, basi. Amene muli ndi GTX 750 Ti kapena makhadi ena akale okhala ndi VGA kapena DVI-I, vuto ili silikukhudzani.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, ndi AVX. Awa ndi malangizo apadera a m'purosesa amene mapulogalamu opanikiza mavidiyo amadalira kwambiri. Overclock ya pa purosesa yokhoma ya Skylake imagwetsa mphamvu ya AVX pansi kwambiri. Ndinadabwa kuona kuti vidiyo ya ukwati imene ndimaipanikiza ndi pulogalamu ya HandBrake pa x265, njira yodalira purosesa, ikutenga nthawi yaitali kuposa pamene purosesa inali pa liwiro lake lobadwa nalo. Tangoganizani, manambala akuonetsa 4.16 GHz, koma ntchito imene imandidyetsa ikuchedwa. Chimene chinandipulumutsa ndi NVENC ya pa graphics card, imene imapanikiza vidiyo payokha osadalira purosesa. Mafayilo ake amakulirapo pang'ono pa ubwino womwewo, koma kwa makasitomala amene amaonera pa TV kunyumba kapena kutumizirana pa WhatsApp, palibe amene wadandaulapo. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kupanikiza mavidiyo ndi purosesa, overclock iyi ikubwezani m'mbuyo. Ndikunena izi mosapsatira.

Chachitatu ndi magetsi. Njira zimene purosesa imadzipumitsira ikakhala chete, monga ma C-state, zimazima, ndipo Turbo Boost nayo imazima. Purosesa imakhala pa 4.16 GHz ndi voteji yake yonse ngakhale mukungowerenga uthenga. Kumayiko kumene magetsi sathima mwina sangaziganizire n'komwe. Ife kuno tikudziwa mmene zinalili mu 2024 madzi atatsika ku Kariba chifukwa cha chilala, pamene malaiti ankabwera pakati pa usiku kwa maola ochepa. Ambiri tinagula mainveta ndi mabatire nthawi imeneyo. Pa batire langa kusiyana kukuoneka poyera: ndi overclock ndi masikirini awiri, limatha msanga. Sikirini yakale ija nayonso imadya kwambiri, chifukwa ndi ya nyale zakale za CCFL osati LED; mukaigwira pamwamba imakhala yofunda. Chimene ndimachita tsopano ndi kusunga ma profile awiri mu BIOS. Magetsi akakhalapo ndimayatsa ya overclock. Ndikakhala pa batire ndimabwerera pa ya masiku onse ndi kuzimitsa sikirini yachiwiri. Bodi iyi imasunga ma profile bwinobwino ndipo kusintha sikutenga mphindi, apa ndiipatse ulemu wake.

Za kutentha nazo n'zofunika kusamala. Mapulogalamu oyezera kutentha kwa koo iliyonse amaonetsa manambala osadalirika overclock ikayaka, ndiye mumadalira sensa ya pa bodi yokha. Kafani kakang'ono kobwera ndi purosesa ndinakachotsa, ndinaika cooler yansanja ya fani ya 120mm ndi thermal paste yatsopano. Mu Okutobala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, simungachite mwina. Fumbi la kuno nalo silichedwa kutseka zipsepse za cooler, ndiye kupukuta ndi kupemerera kuzikhala kwa kawirikawiri.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa. Kuti overclock ikhalebe, BIOS siyenera kusinthidwa. Izi zikutanthauza kuti mukukhala ndi BIOS ya m'ma 2015 kapena 2016, isanabwere nkhani ya Spectre ndi Meltdown, mabowo a chitetezo a m'mapurosesa, imene inaululika mu Januwale 2018. Komanso mapurosesa a m'badwo wachisanu ndi chimodzi, monga iyi, sali pa mndandanda wa amene Microsoft inavomereza pa Windows 11, pamene thandizo la masiku onse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Ine za kubanki ndi za mobile money ndimachitira pa foni, osati pa kompyuta iyi. Munthu amene akufuna makina oti akhale nawo zaka zambiri kutsogoloku aganizirepo kawiri.

Kwa abale amene muli ndi makompyuta ochokera m'maofesi, ma Dell OptiPlex ndi ma HP aja okhala ndi i5-6500 yomweyi, musataye nthawi kufunafuna pokwezera BCLK. BIOS yawo ilibe zimenezo. Mnyamata wina wa ku Katete anabwera ndi yake atamva kwa anzake kuti ine ndakwanitsa, ndipo ndinamuuza kuti ndalama yake aike pa SSD ndi sikirini yachiwiri. Makina amenewo ubwino wake ndi wakuti graphics ya m'kati ikugwira, ndipo ambiri ali ndi madoko okwanira masikirini awiri popanda kugula khadi. Amene mukuyamba kumene ndipo mumakonda zokwezakweza, ma Ryzen a AMD ambiri amabwera osakhoma, ndipo pa bodi ya B450 kapena B550 mumakweza popanda kutaya zonse ndatchulazi.

Kunena zoona, pa zonse ndinagula, chimene chasintha kagwiridwe kanga ka ntchito ndi sikirini yachiwiri ija, yakale yomweyo. Timeline imakhala ku sikirini yaikulu, mafoda a mavidiyo ndi mndandanda wa mayina a akwati ndi ankhoswe zimakhala kwinaku. Kasitomala akabwera kudzasankha zithunzi, amakhala pampando wake n'kumayang'ana sikirini yake, ine ndikugwira ntchito, osapanikizana mapewa ngati kale. Amayi ena achikulire amene anabwera kudzakonzetsa pulogalamu ya maliro a amuna awo anatha kuwerenga okha dzina lililonse pa sikiriniyo, zilembo nditazikulitsa, n'kundiuza kuti, "Mwanawe, apa mwalemba bwino, koma dzina la mudzi mukonze." Tikanapanda kutero cholakwikacho chikanapita ku makina osindikizira. Mitundu pa masikirini awiriwa siifanana, yakaleyo imaoneka yachikasu pang'ono, ndiye za mitundu ndimaweruzira pa yaikulu yokha. Kusamutsa windo kuchoka uku kupita uko ndimagwiritsa batani la Windows, Shift ndi kamuvi, ndipo dzanja linazolowera msanga.

Pa nyenyezi zisanu, bodi ndi purosesa ndizipatsa zinayi, chifukwa zagwira ntchito mokhulupirika m'kutentha ndi m'fumbi. Overclock payokha ndiipatsa zitatu: ndi yabwino kwa wa magemu amene ali ndi graphics card, cooler yabwino ndi magetsi odalirika, koma si ya wopanikiza mavidiyo kapena wokhalira batire. Wogulitsa ndimupatsa zitatu, katundu wake ndi weniweni koma amabisa mawu. Musanatumize ndalama mufunseni akutumizireni chithunzi cha BIOS chikuonetsa nambala ya version yake ndi BCLK itakwera, ndiponso chithunzi cha madoko a kumbuyo kwa graphics card, kuti muone ngati zingwe za masikirini anu zilowe.