Zoom blur mu After Effects: mmene ndikuionera patatha miyezi ndikuigwiritsa ntchito

Kumayambiriro kwa chaka ndinalemba kuti zoom blur ndi njira yabwino yolumikizira zithunzi ziwiri mu vidiyo, ndipo ndinayamikira kwambiri CC Radial Blur, effect (chida chosinthira maonekedwe a chithunzi) yomwe imabwera kale mu After Effects, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mavidiyo. Kwa amene simukuidziwa, zoom blur ndi kuja chithunzi chimaoneka ngati chikukuthamangirani kumaso, mizere ikuchokera pakati kupita m'mbali, kenako n'kutulukira chithunzi china. Kuyambira nthawi imeneyo ndaigwiritsa ntchito pa mavidiyo a maukwati, a zinkhoswe, a makwaya ndi a ophunzira omaliza maphunziro ku Mzuni (yunivesite ya Mzuzu), choncho tsopano ndili ndi zambiri zonena kuposa poyamba.

Chachikulu chimene ndaona n'chakuti kukongola kwake kumachokera pa liwiro, osati pa kuchuluka kwa blur, kutanthauza kusaoneka bwino kwa chithunzi. Mutha kukweza Amount, mlingo wa blur mu CC Radial Blur, mpaka nkhope ya mkwatibwi kusungunukiratu, koma ngati chithunzicho sichikuyenda, diso limazindikira msanga kuti china chake chapakidwa pamwamba. N'chifukwa chake masiku ano polumikiza zithunzi sindiyambira pa CC Radial Blur. Ndimaika Adjustment Layer (layer yosaoneka yomwe imasintha zonse zili pansi pake) pamwamba pa pomwe zithunzi ziwirizo zikukumana, n'kuikapo effect ya Transform. M'menemo ndimachotsa chizindikiro pa Use Composition's Shutter Angle, n'kulemba ndekha nambala ya Shutter Angle, kenako ndimayendetsa Scale, yomwe ndi kukula kwa chithunzi. Blur imabadwa yokha kuchokera m'kuyendako: pamene Scale ikuthamanga imachuluka, pamene ikudekha imazimiririka, popanda ine kuiikira ma keyframe akeake (zizindikiro za pomwe kusintha kukuyambira ndi pomwe kukuthera).

Shutter Angle imeneyi ndi yofunika kuimvetsa. Pa 180, ndiye kuti kamera yongoyerekezayo yatsegula diso theka la nthawi ya felemu imodzi (chithunzi chimodzi mwa zambirimbiri zopanga vidiyo), zomwe pa mafelemu 25 pa sekondi zikufanana ndi 1/50 ya sekondi. Apa ndi pomwe maso athu anazolowera m'mafilimu. Pa 360 mizere imatalika kawiri. Pa nyimbo zothamanga ndimafika pa 360, koma pa kwaya yoimba modekha ndimakhala pa 180 kapena kutsikirapo.

Ma keyframe awiri okha a Scale sakwanira. Mukawasiya mmene alili, chithunzi chimayenda liwiro limodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo chimaoneka chouma. Ndimawasankha, n'kudina F9 kuti akhale Easy Ease (kuyamba ndi kutha modekha), kenako ndimalowa mu Graph Editor kukakoka timizere ta liwiro mpaka phiri la liwiro litakhala ndendende pomwe chithunzi choyamba chikuthera. Pamenepo blur imakhala itafika pachimake, ndipo woonera saona pomwe mwadula. Zonsezi zichitike m'mafelemu 10 kapena 12. Zikatalika kuposa apo zimatopetsa. Ndikamakulitsa layer yeniyeni kwambiri, mwachitsanzo logo yochokera patali, ndimagwiritsanso ntchito Exponential Scale ya mu Keyframe Assistant, chifukwa popanda iyo kukulako kumaoneka ngati kukuchedwa chakumapeto.

Pali vuto limodzi lomwe aliyense amakumana nalo: chithunzi chachiwiri chikamayambira chaching'ono, m'mbali mumaoneka mdima. Mankhwala ake ndi Motion Tile, effect yobwereza chithunzi kuti chidzaze m'mbalimo. Ikani pamwamba pa Transform, osati pansi, chifukwa After Effects imawerenga ma effect kuchokera pamwamba kutsika. Output Width ndi Output Height zikhale pa 300, ndipo muyatse Mirror Edges.

CC Radial Blur sindinaitaye. Pa zinthu zosayenda ikadali mfumu. Mayina a akwati akamatuluka, kapena dzina la kwaya kumayambiriro kwa nyimbo, Fading Zoom imapereka mizere yofewa yomwe imazilala bwino kumapeto, pomwe Straight Zoom ndi yolimba, yoyenera zotsatsa malonda. Mnzake, CC Radial Fast Blur, ndimamukonda pa chifukwa china. Mukaika Zoom pa Brightest, amakoka malo owala okha n'kuwasandutsa cheza. Amene mumajambula m'mawa wa mwezi wa June kuno ku Mzuzu mukudziwa nkhungu ija imakuta Katoto ndi Luwinga, dzuwa likuyesera kuboola. Pa zithunzi zotero, kapena pa mazenera a tchalitchi, Amount yochepa chabe imatulutsa kuwala kooneka ngati kunalipo kale tsiku lojambulalo.

Pa ma CC awiriwa, Center, malo omwe mizere imachokera, musamaiiwale. Imayambira pakati penipeni pa chithunzi, koma nkhope ya munthu kawirikawiri siikhala pamenepo. Malo okhawo osasokonezeka ndi pomwe pali Center, ndiye iikeni pa diso, pa mphete kapena pa maikolofoni ya woimba, pomwe mukufuna kuti anthu ayang'ane.

Kumbali ya kompyuta, ma effect amenewa ndi olemera. Pa laputopu yanga ndimagwira ntchito preview ili pa Half kapena Quarter, Quality ya CC Radial Blur ili pansi, n'kudzaikweza pomaliza. Multi-Frame Rendering, yomwe inabwera chakumapeto kwa 2021, imathandiza ngati makina anu ali ndi ma core ambiri ndi RAM yokwanira. Chifukwa magetsi atha kuzima render (kutulutsa vidiyo yomalizidwa) ili pakati, ndimatulutsa tizigawo ta blur patokha kaye ngati zithunzi zotsatizana za PNG, kuti akabwera ndipitirize pomwe zinalekera. Adjustment Layer nayo ndimaidula kuti ikhale pa mafelemu ofunikawo basi, isamalemetse vidiyo yonse.

Kumbukiraninso komwe ntchito yathu imakathera. Makasitomala ambiri amaonera pa foni, vidiyo itapanikizidwa kuti ichepe potumizirana. Malo othamanga kwambiri ndi omwe amayamba kusweka n'kuoneka timabokosi. Ichi ndi chifukwa china chofupikitsira, komanso choyesera kudzitumizira kaye pa foni yanu musanapereke.

Ndipo pali anthu oonera. Achinyamata a nyimbo za m'tauni amafuna zoom blur paliponse, ndipo pa iwo imagwira, makamaka ikagwera pa kugunda kwa ng'oma. Koma vidiyo ya ukwati amaonera pamodzi ndi agogo, ankhoswe ndi azakhali ochokera kumudzi. Amayi ena achikulire a kwaya anandipempha mwaulemu kuti ndichepetseko, chifukwa ankamva chizungulire ndipo sankatha kuona bwino nkhope za anzawo. Pempho lawolo ndinalimva, chifukwa iwo analipira kuti adzione akuimba. Zoom blur ili ngati tsabola wa kambuzi mu ndiwo. Pa ukwati tsopano ndimaiika pongosintha malo, monga kuchoka kutchalitchi kupita kumadyerero, ndipo pa malumbiro ndi pa pemphero sindiikapo n'komwe.

Kwa amene mukufunsa ngati m'pofunika kugula plugin (kapulogalamu kowonjezera) yapadera ya zoom blur, makamaka pano ndalama zakunja zikuvuta chonchi, yankho langa n'lakuti ayi. Transform, Motion Tile ndi ma CC awiri aja zili kale mu pulogalamuyo, ndipo mukakonza kamodzi mutha kusunga ngati Animation Preset n'kumangoiponya pa ntchito iliyonse, n'kusintha Center ndi liwiro mogwirizana ndi nyimbo.