Ndemanga: kudzimangira Vim 9.1 pa Ubuntu 22.04, patatha miyezi inayi ndikuigwiritsa ntchito

Ntchito yanga ndi yokonza mawebusayiti a timabungwe ting'onoting'ono, ndipo tsiku lonse ndimaswera mu terminal, zenera lolembamo malamulo ouza kompyuta chochita. Laputopu yanga ndi yakale ndithu, ndinagula kwa munthu, ndipo ili ndi Ubuntu 22.04. Vim ndi editor, pulogalamu yolembera ndi kukonza mafayilo, ndipo imene munthu amapeza kudzera pa apt, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu ameneyu, ndi 8.2. Mukalemba vim --version mumaona mawu akuti -clipboard, kusonyeza kuti zimene mwakopera mu Vim simungazimate kwina, monga mu imelo. Vuto limeneli limatha mukaika vim-gtk3, koma imeneyonso ndi 8.2, pamene ine ndinkafuna kapulogalamu kena kowonjezera pa Vim kolembedwa mu Vim9 script, chilankhulo chatsopano cha Vim, komwe kankakana pa Vim yakaleyo. Ndiye ndinaganiza zotenga source code, khodi imene pulogalamu imamangidwa kuchokera ku iyo, n'kudzimangira ndekha.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndifotokoza kumene yachisanuyo yapita.

Khodi yonse ili pa GitHub ndipo ndi yaulere. Langizo loyamba kwa amene bandulo ya intaneti imawathera msanga: polemba git clone muwonjezere --depth 1. Mukapanda kutero mukokera mbiri yonse ya zosintha za zaka zambirimbiri, zomwe simukuzifuna pomanga.

Nditatsegula foda ya src ndinakhala kaye chete n'kumangoyang'ana mayina a mafayilo. Muli os_unix.c, muli os_win32.c, mulinso os_amiga.c. Fayilo yomalizayi inandikhudza. Bram Moolenaar, munthu wa ku Netherlands, anatulutsa Vim koyamba mu 1991 pa kompyuta ya Amiga, ndipo khodi ya makina amenewo ikadalipo mpaka lero pambali pa ya Linux ndi Windows. Apa m'pamene ndinamvetsa mmene pulogalamuyi anaikonzera: mtima wake ndi umodzi, koma chilichonse chokhudza kulankhulana ndi makina, monga kutsegula mafayilo, kuwerenga zimene mwadina pa kiyibodi ndi kulemba pa sikirini, chili ndi chipinda chakechake malinga ndi operating system. Malangizo nawonso anawagawa chimodzimodzi. Fayilo ya INSTALL ndi ya Unix ndi Linux, INSTALLpc.txt ndi ya Windows, INSTALLmac.txt ndi ya macOS. Pa Windows mumasankha nokha fayilo yomangira, Make_mvc.mak ngati muli ndi compiler ya Microsoft kapena Make_ming.mak ngati muli ndi MinGW. Pa Linux ntchito imeneyi imagwiridwa ndi configure, kapulogalamu kamene kamafunsa kompyuta yanu mafunso ambirimbiri, uli ndi chakuti, nanga chakuti, kenako n'kulemba mayankho kuti make, pulogalamu imene imamanga, awatsatire.

Ulendo woyamba configure inaima panjira. Inati sinapeze library ya terminal, ndipo inatchula dzina la ncurses kuti ndiyo ndiike. Apa ndinayamikira kwambiri, chifukwa uthenga wake unali womveka ndipo unandilozera pa vuto penipeni. Ndinaika libncurses-dev pamodzi ndi build-essential, ndipo inadutsa mpaka kumapeto.

Ulendo wachiwiri ndi umene unandidyera madzulo onse. Configure inamaliza osadandaula kanthu, make anamaliza, sudo make install anamaliza. Ndinalemba vim --version ndili ndi chimwemwe, n'kupeza ikunenabe kuti 8.2. Chifukwa chake n'chakuti bash, pulogalamu imene imalandira zimene mwalemba mu terminal, imakumbukira malo amene inapeza pulogalamu ulendo wapita, ndiye inkatsegulabe ya mu /usr/bin pamene yatsopano inali mu /usr/local/bin. Kulemba hash -r, kapena kungotseka terminal n'kutsegula ina, kumathetsa zimenezi. Nditatero ndinaona 9.1, koma pansi pake panali -clipboard yomwe ija ndinkaithawa, komanso -python3.

Nyenyezi ija yatayika apa. Configure ikasowa chinthu chofunika kwambiri imaima n'kukuuzani. Koma ikasowa chinthu chimene ikuona kuti Vim ingayende popanda icho, imangolemba "no" pamzere umodzi pakati pa mizere mazanamazana imene ikuthamanga pa sikirini, n'kupitirira. Munthu woyamba kumene sangadziwe kuti pali chimene chasiyidwa. Nditabwerera m'mbuyo kuwerenga mzere uliwonse ndinapeza pamene inafunsa za mafayilo a X11, dongosolo loonetsera mawindo pa sikirini, n'kulephera kuwapeza. Clipboard ya Vim pa Linux yangayi imadalira X11, ndipo kukhala ndi X11 yoyenda pa kompyuta sikokwanira. Pomanga pamafunika mapaketi a mayina othera ndi -dev, omwe ndi libx11-dev ndi libxt-dev. Python nayo imafuna python3-dev. Pambuyo pake ndinadziwa kuti pali --enable-fail-if-missing, imene imachititsa configure kuima ngati chinthu monga Python chimene mwapempha sichinapezeke. Maganizo anga ndi akuti izi zinayenera kumachitika zokha popanda kupempha. Munthu akalemba yekha kuti akufuna Python, ndiye kuti akuifunadi.

Panatsala msampha wina. Nditaika mapaketi aja ndinayendetsanso configure, ndipo yankho la X11 silinasinthe. Vim imasunga mayankho akale mu src/auto/config.cache kuti isamafunsenso zomwezomwezo, choncho inkandiwerengera mayankho a nthawi imene mapaketiwo kunalibe. Mankhwala ake ndi make distclean, imene imasesa zonse kuti muyambe pabwalo loyera. Chonde musaiwale zimenezi. Nthawi iliyonse mukaika paketi yatsopano kapena mukasintha zimene mukupempha, yambani mwasesa.

Mzere umene unandithandiza pomaliza ndi uwu:

./configure --with-features=huge --enable-python3interp=yes --with-x --enable-gui=no --enable-fail-if-missing

Mu Vim 9.1 muli misinkhu itatu, tiny, normal ndi huge. Ine ndinasankha huge koma ndinakana GUI, maonekedwe a mawindo ndi mabatani, chifukwa sindigwiritsa ntchito gvim, Vim ya mawindo, ndipo sindinafune kukokera mapaketi a GTK pachabe. Clipboard imayenda bwinobwino popanda GUI, bola X11 ikhalepo. Kumanga kwenikweniko sikunachedwe ngakhale pa laputopu yokalambayi. Madzi a tiyi asanawire n'komwe zinali zitatha. Amene ali ndi ma core angapo angalembe make -j4 kuti zifulumire.

Mulinso fayilo ya feature.h momwe mungayatse kapena kuzimitsa zinthu chimodzichimodzi ndi dzanja. Ndinaiwerenga yonse, ndipo ndi yophunzitsa kwambiri chifukwa pafupifupi chinthu chilichonse anachifotokoza ndi mawu ochepa pambali. Koma sindinasinthemo kanthu. Chimene mungachite pa mzere wa configure chitani pamenepo, chifukwa mukasintha mafayilo a mkati mudzalimbana nawo tsiku limene mukukokera zosintha zatsopano.

Chinthu china chimene sindinayembekezere: Vim yodzimangira siwerenga /etc/vim/vimrc, fayilo imene Ubuntu amaikamo zokonda zake. Imayang'ana mu /usr/local/share/vim. Mukalemba :version imakuonetsani malo onse amene ikufunafuna. Fayilo yanga ya .vimrc ya mu home inawerengedwa monga kale, ndiye ndinangosamutsira mmenemo tinthu tiwiri timene ndinazolowera.

Tsopano za miyezi inayiyi. Sinandigwerepo ngakhale kamodzi. Imatseguka nthawi yomweyo, ndipo batire ya laputopu imakhalitsa kusiyana ndi pamene ndinkagwiritsa ntchito editor yolemera. Magetsi akazima batire itatheratu, swap file, kafayilo kamene Vim imasungamo zimene mukulemba, imandibwezera zimene ndinkalemba ndikalemba vim -r. Izi zachitika kawiri ndipo sindinataye ntchito yanga. Polemba Chichewa pa mawebusayiti ndimakondwera ndi njira yake yolembera chilembo cha ŵ: mumadina Ctrl ndi K, kenako w, kenako chizindikiro cha >, basi chatuluka, osasintha kiyibodi. Ndinasangalalanso kupeza foda ya ny mu runtime/spell, pakati pa zilankhulo zina monga Chiswahili ndi Chizulu. Mmenemo muli malangizo opangira mndandanda wa mawu a Chinyanja woonera ngati mwalemba molondola. Kuona chilankhulo chathu chili ndi malo mu khodi ya pulogalamu yotere kunandilimbitsa mtima.

Katundu amene mumasenza ndi uyu: apt saidziwa Vim imene mwamanga nokha. Ubuntu akatulutsa zokonza za chitetezo, zimapita ku Vim ya mu /usr/bin, yanuyo osakhudzidwa. Muyenera kumakumbukira nokha kulemba git pull n'kumanganso. Ine ndimachita zimenezi kumayambiriro kwa mwezi. Pa seva ya kasitomala sindingaike Vim yodzimangira, ndipo amene akungofuna clipboard yokha ndimawauza kuti aike vim-gtk3 apumule. Amene ali pa Ubuntu 24.04 ali kale ndi 9.1 kudzera pa apt. Njira yangayi ndi ya munthu amene watsekeredwa pa system yakale, kapena wophunzira amene akufuna kuona ndi maso ake mmene pulogalamu ya C imagwirizanirana ndi makina.

Bram Moolenaar anamwalira mu August 2023, ndipo Vim 9.1, imene inatuluka mu January 2024, anaipereka pomukumbukira. Sanagulitsepo pulogalamuyi. Ankangopempha kuti amene yawathandiza athandize ana osowa a ku Kibaale m'dziko la Uganda, ndipo mukalemba :help uganda mupeza nkhani yonse. Ndinaiwerenga usiku womwe +clipboard inaoneka pa sikirini yanga.

Mzere wa configure uja ndinausunga mu kafayilo pamodzi ndi mayina a mapaketi onse. Sabata yamawa mnzanga wa kuntchito akubwera ndi kompyuta yake ya Windows, ndipo tikayesa Make_ming.mak.